Ndege zosowa potera

Amalume, lero mdzukulu wanga wabwera ndi masewera apabolodi a zombo ndi ndege zankhondo, ndipo ndakumbuka inu. Mutabwerako kunkhondo ku Burma, nthawi ya atsamunda ija, munkajambula nyanja pamchenga kwathu ku Chia. Zigoba za nkhono zinali zombo, mamba a chambo ndege. Tsiku lina munamiza chombo changa n'kutola ndege zanga zonse zomwe chinkanyamula. Nditalira munati, "Mphwanga, chombo chamira, zikatera pati?" Anthu ankati nkhondo inakusokonezani mutu, ndipo nanenso ndinkakayika.

Mwanayu wandiwerengera malamulo ake: chombo chonyamula ndege chikamira, ndege zosowa potera zatayika. Mtima wanga wakhala pansi. Mutu wanu unali bwinobwino, amalume. Munkangodziwa zimene ife sitinaone.