Tiyi wa Mumtondo

Fungo la masamba a tiyi osinjidwa limafanana ndi la nthochi yopsa kwambiri, ndipo chaka chimenecho linadzaza nyumba yathu ku Mauwa dzinja lonse. Chimanga chinatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike. Abambo ankathyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo, ndipo pobwera kudzationa ankanyamula masamba aawisi m'kathumba ka feteleza, zala zawo zitada ngati zapsa.

Amayi ankayanika masambawo palichero kuti afote, kenako n'kuwasinja mumtondo ndi kuwafunditsa chinsanza chonyowa. Ine ndinkakonda kusuzumira. Kubiriwira kuja kunkasanduka kufiirira pang'onopang'ono, monga imachitira mbatata yosenda ikaiwalika pamphepo, ndipo akawakazinga m'phale ankada bii. Tiyi wake anali wowawa, womanga lilime. Shuga kunalibe. Tinkamwa m'mawa, tinkamwanso masana pamwamba pa nkhwani, kuti mimba ikhale chete.

Mng'ono wanga Esinati ndiye anayamba kufooka. Zikhatho zake zinayera, ankapuma wefuwefu akangokwera kachitunda ka kuchitsime, ndipo kangapo ndinamupeza akudya dothi la pachulu. Kuchipatala china chaching'ono anati magazi amuchepera. Munthu wa pawindo la mankhwala anapereka mapilitsi ofiira, anangoti limodzi patsiku, n'kuitana wotsatira. Mapilitsiwo ankamuchititsa nseru, ndiye amayi ankamumwetsa ndi tiyi wotentha, wakuda kwambiri, poganiza kuti akumuwonjezera mphamvu. Ankadzimana kapu yawo kuti iye amwe ziwiri.

Sanachire. Tsiku limene anakomoka pakhonde, amayi anakwera naye kabaza kubwerera kuchipatala chija, ine ndikuthamanga pambuyo m'matope. Anamwino atamva za tiyi anakweza mawu pamaso pa mzere wonse wa azimayi.

"Mwana wopanda magazi mukumumwetsa tiyi? Mayi, mukufuna kumupha?"

"Sanandiuze," anatero amayi atazolika.

"Nanga chilichonse mpaka kuchita kukuuzani?"

Esinati anamutumiza kuchipatala chachikulu kukamuika magazi. Ine ndinabwerera ndekha, ndipo nkhani inali itanditsogolera kale, chifukwa azimayi a pamzere aja anaifikitsa kuchitsime dzuwa lisanalowe. Ndinapeza lichero la masamba pakhonde. Ndinalikhuthulira m'matope, ndinapondaponda mpaka mapazi anga anafiira, kenako ndinagubuduzira mtondo kuseri kwa bafa. Ndinakwiyira tiyi, ndinakwiyira abambo amene anabwera naye, koma kwambiri ndinakwiyira amayi. Munthu wovala zoyera anali atanena kuti ndi iwo, ndipo ine ndinakhulupirira. Amayi atabwerako kuchipatala anaona mtondo uli chigonere m'thope. Anaudzutsa okha n'kuutsuka.

Lero ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Ndimauza ana kuti tsamba la tiyi likasinjidwa, maselo ake amasweka, zinthu zowawa za m'katimo zimakumana ndi mpweya n'kusintha, ndiye kufiirira kuja. Zinthu zomwezo akuti zimateteza maselo a m'thupi, n'chifukwa chake anthu okhuta amatamanda tiyi. Koma zikakumana m'mimba ndi ayironi, amene amathandiza kupanga magazi, zimamugwira kuti asalowe m'magazi, ndipo ayironiyo ndi amene anali m'mapilitsi ofiira aja. Kungomwetsa mwanayo pilitsi ndi madzi, tiyi n'kudzamwa nthawi ina, kukanathandiza. Kufotokoza zonsezi sikutha ndi mphindi yomwe.

Ndili mwana ndinkaona kuti wolakwa anali wosadziwayo. Pano ukali wanga uli pa amene ankadziwa, nasunga mawu awo mpaka tsiku lokalipa. Esinati anachira, ali ndi ana ake ku Njuli ndipo za dzinja limenelo sakumbukira. Amayi sanalawenso tiyi mpaka imfa yawo. Ngakhale pamaliro a anthu ena, m'mawa wozizira wa mu Juni, aliyense akamalandira kapu, iwo ankapempha madzi.