Matenda a Mkamwini

Ababa anawachotsa ntchito ku esiteti ya nzimbe pa mlandu wa uchidakwa, chonsecho munthuyo ngakhale thobwa logonera sankalawa. Kapitawo anawaona akudzandira chikwanje chili m'manja, phewa likudumpha lokha, basi n'kulemba kuti abwera ataledzera. Ine ndinali nditangoyamba sukulu. Masiku ano ndimauza anthu kuti ababa akatsamira mtengo wa masawu, masawu ankayoyoka okha ife n'kumangotola. Anthu amaseka. Zoona zake n'zakuti kapu ya tiyi inkafika pakamwa itatsala theka, ndipo malaya awo onse anali ndi mawanga pachifuwa.

Kwathu ku Kasisi mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ababa anali mkamwini, kwawo ku Chapananga. Atayamba kugwa m'munda, kenako kukalipa popanda chifukwa, amalume anaitanitsa abale awo. Nkhani sinachedwe. "Matendawa ndi a kwanu," anatero amalume. "Tengani munthu wanu. Anawa ndi mbumba yanga, ndi a mlongo wangayu, palibe chimene chiwakhudze." Anawakweza pangolo ya ng'ombe, amayi n'kuwamangira ufa m'kathumba. Anamwalira komweko patapita zaka. Ife tinangopita kumaliro.

Tinabadwa awiri, asisi ndiye ine kumapeto kwenikweni. Asisi mutu anali nawo woopsa, buku ankaliwerenga mpaka zilembo kutopa. Anapita ku sekondale yogonera komweko, ku yunivesite, kenako kunja kumene amati madzi amauma gwa ngati mwala. Tsiku lina ndinawafunsa pafoni kuti kodi ntchito yanu kwenikweni n'chiyani. Akuti amaweta tintchentche m'mabotolo.

"Sukulu yonse ija, asisi? Bwerani pa msika wa Dyeratu ndikupatseni ntchentche zaulere, zonenepa kale."

Anaseka, kenako n'kundifotokozera. Akuti matenda a ababa aja ali ndi dzina, la Chingerezi, lalitali ngati msewu wa ku Nsanje. Amadya ubongo pang'onopang'ono. Kachilema kamene kamayambitsa matendawo amakaika mwa tintchentcheto, nato timayamba kudzandira, kulephera kukwera botolo, ndiye iwo amayesa mankhwala kuti aone ngati tikwerenso. Zaka zinapita. Anachoka pa ntchentche kupita pa mbewa, kuchoka pa mbewa kupita pa timaselo ta ubongo tomeretsa m'mbale. Ndikafunsa kuti mankhwala apezeka, ankati a ntchentche apezeka, a anthu ayi. Kukwatiwa sanakwatiwe. Amayi ankadandaula kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mabotolo.

Ine sukulu inandikana nditafika Fomu 4. Ndinapeza njinga yamoto n'kuyamba kabaza, Dyeratu kupita ku boma, boma kubwerera Dyeratu. Komweko ndi kumene ndinapeza mtsikana wina wosoka zovala pakhonde la golosale. Ndinamupatsa buluku loti azigambe, ndinang'ambanso dala, ndinamupatsanso. Kachitatu anati, "Inu, ngati mukufuna kundifunsira nenani, bulukuli lavutika mokwana." Ankaseka nkhani zanga mpaka makina kuima. Ankhoswe anakumana, tinagwirizana kuti chinkhoswe chichitike anthu akagulitsa thonje.

Asisi atamva anakwera ndege. Ine ndimati abwerera chinkhoswe. Atangofika anati ndiwaperekeze ku Chapananga, akaone azakhali, mlongo wawo wa ababa. Kuyambira maliro aja sitinapondekonso.

Dzuwa la tsiku limenelo, mbuzi zinkapempha madzi m'Chichewa. Tinapeza azakhali ali pamkeka kuseri kwa nyumba, owonda ngati bango, dzanja likupita uku mwendo uko. Anatiyang'ana, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Asisi anagwada n'kuwagwira dzanja.

Mkulu wa pakhomopo, msuweni wa ababa, anatiyalira mphasa. Asisi anafunsa kuti ndani winanso anadwalapo chonchi. Mkuluyo anapukusa mutu.

"Amenewa si matenda a pano, amayi. Anabwera ndi agogo anu aamuna, mkamwini wochokera kutsidya kwa Shire. Atayamba kuvina tinawabweza kwawo. Ndiye kwawoko anakwiya, n'kutitumizira zimenezi."

"Nanga ana a azakhaliwa ali bwanji?"

"Ali bwinobwino. Wamkuluyo yekha ndiye wayamba mowa."

Wamkuluyo anali atakhala patali pang'ono, akusema mpini. Amandiposa zaka zochepa. Ndinaona phewa lake likudumpha, iye n'kunamizira kuthamangitsa ntchentche. Mowa sindinaumve fungo.

Pobwerera njinga inatitimira mumchenga wa mtsinje wa Mwanza, tinakankha mpaka kutsidya, n'kukhala pansi pa msangu. Ine ndinayamba nkhani ya ng'ona imene inandilipira kabaza. Asisi anandidula.

"Iwe, tamvera. Magazi sadziwa za chikamwini. Amalume anabweza ababa, koma zimene ababa anatipatsa sizinakwere ngolo ija."

"Ndiye tonse tili nawo?"

"Ayi. Mwana aliyense zili ngati dzira, sudziwa kuti mutuluka tambala kapena msoti. Wina amatengera, wina satengera. Ukatengera, amabwera basi, ukakula. Ndipo ana akonso zimakhala chimodzimodzi."

"Inu dzira lanu munaliswa?"

Ankatsegula botolo la madzi. Chitsekerero chinagwa mumchenga, anatola, chinagwanso.

"Ndinayezetsa kalekale. Ndili nawo. Ku labu ntchito ya manja ndinasiya, amandigwirira ndi ana a sukulu, ine ndimangoloza. Ndinkati ndipeza mankhwala matendawa asanandipeze."

Ndinafunafuna nthabwala, sindinaipeze. Iwo anapitiriza. "Mtsikana uja umuuze chinkhoswe chisanachitike. Ukapanda kumuuza ine sindikamuuza, koma ndidzakhala ndikudziwa."

Vuto la munthu wa nthabwala n'lakuti tsiku lonena zoona amasowa mboni. Ndinapita pakhonde paja, ndinakhala pa benchi, ndinamufotokozera zonse, za ababa, za azakhali, za dzira. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Dzana munati munanyamula ng'ombe panjinga. Lero mwati mudzavina osaimbiridwa. Mawa mudzati chiyani?"

Ndinachita kukatenga asisi. Anakhala naye mkati mwa golosale, kuseri kwa matumba a shuga. Atatuluka, mtsikanayo sanandiyang'ane. Anapinda nsalu zake n'kutseka makina dzuwa likadali pamutu.

Ankhoswe anakumananso kwawo kwa mtsikanayo. Ine ndinapita ndikudziwa kuti ukwati watha. Amalume ake anamvetsera nkhani yonse, n'kufunsa kuti matendawo anali a mbali iti. Atamva kuti a ababa, anamasuka pamphasa.

"Ndiye vuto lili pati? Ife timaganiza kuti ndi a kuchikazi. Mnyamatayu ndi wa amayi ake. Ana akadzabadwa adzakhala a pakhomo pano. Za ku Chapananga zilowera pati?"

Amalume anga anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Ndi zimene ndakhala ndikuwauza anawa. Sukulu ikachuluka imabweretsa mantha."

Ndikunena zoona, mtima wanga unavina. Akuluakulu a mbali zonse avomera, ine ndine yani? Ndikanangokhala chete, mwezi wotsatira ndikanakhala ndikumanga nyumba pamalo amene anandilozera kale, pafupi ndi khola la mbuzi. Ndipo chete ndinakhaladi. Amene sanakhale chete ndi mwini wake, mtsikanayo. Anandipeza ndikuliza njinga kuti ndizipita.

"Asisi anu akuti kuli koyezetsa."

"Akuluakulu atha kale nkhani, iwe."

"Akuluakulu sadzamusambitsa mwana wanga akadzayamba kugwa. Kayezetseni."

"Ndikapezeka nawo?"

"Sindikudziwa. Mwina ndidzakhala nanube, osabereka. Mwina ayi. Koma zolowa m'banja nditatsinzina, ine ayi."

Asisi anati iwo sangandiyeze, malamulo a ntchito yawo salola munthu kuyeza m'bale wake. Anandipezera dokotala wina ku Blantyre wotenga magazi n'kutumiza kunja. Ndinanyamuka m'mawa, ndinadutsa pa Thabwa, ndinakwera mapiri aja njinga ikulira ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Kuchipatalako anandilowetsa kaye m'kachipinda kwa mayi wina wa uphungu. Anandifunsa za kwathu, ndinamuseketsa kawiri. Kenako anati, "Pepala likadzabwera loti muli nawo, tsiku lotsatiralo mudzadzuka n'kuchita chiyani?"

Ndinayesa kuliona tsikulo. Ndinaona ndili panjinga, kumbuyo ndanyamula mayi ndi khanda, phewa langa layabwa, ine n'kumadzifunsa kuti kodi ndi udzudzu kapena zayamba. Panopa phewa likayabwa ndimakanda basi. Ndinapempha kuti ndikataye madzi. Ndinatuluka pageti, ndinagula chipisi, ndinadya nditaimirira, n'kutsetsereka kubwerera ku Chikwawa.

Ndimayembekeza kuti asisi akalipa. Anangoti, "Sindikukakamiza. Ine pepala langa linandidyera zaka zimene ndinali bwinobwino." Ndinawafunsa kuti nanga bwanji munati ndimuuze. Anati, "Kusadziwa kwako ndi kwako. Iye sunayenera kumusankhira."

Mtsikanayo anadikira. Thonje linagulitsidwa, mvula inabwera, Shire anasefukira n'kuphwera. Tikakumana ankangofunsa ndi maso, ine n'kuyamba nkhani ina. Ankasekabe, koma makina sankaimanso. Kenako anatumiza amalume ake kudzanena kuti nkhani ija ithe. Amalume anga mpaka lero amati asisi ndi amene anandiphera ukwati ndi Chingerezi chawo.

Asisi anabwerera kunja, anagwirako ntchito mpaka pamene makwerero a ku labu anayamba kuwagwetsa. Panopa ali kuno, m'nyumba ya amayi. Anthu a m'mudzi akuti anawalodza anzawo a kuntchito chifukwa cha nsanje. Ana a sukulu aja amawaimbirabe pafoni, ine ndimawagwirira foniyo pafupi ndi khutu. Mawu awo ayamba kukokeka, koma ndimamva akukalipira munthu wa kutsidya kwa nyanja kuti wayesa molakwika, abwerezenso. Phala ndimawamwetsa ine, chifukwa amayi manja awo ndi okalamba ndipo amalira. Ndikawauza kuti lero ndanyamula bishopu ndi nkhumba ulendo umodzi, amatsamwa ndi kuseka, ndiye ndimadikira kaye ameze.

Wosoka uja anakwatiwa ndi mphunzitsi wa ku Nsanje. Mwezi watha ndinamuona pa Dyeratu akutsika minibasi, mwana kumbuyo, chikwama m'manja. Anzanga a kabaza anamuthamangira, iye anabwera kwa ine. Anati ndimusiye kwa amayi ake. Njira yonse kamwanako kankandikoka kolala. Atatsika anakonza nsalu yoberekera, n'kundifunsa za asisi. Ndinati ali bwino, dzulo athamangitsa mbuzi mpaka ku Mozambique. Sanaseke.

"Nanga inu, munapitanso kokayezetsa kuja?"

"Ndipita mvula ikatha."

Anayang'ana kumwamba. Unali mwezi wa Okutobala, kopanda ndi kamtambo komwe. Anandiyang'ana mapewa, kenako manja amene anali pa handulo, n'kulowa kumpanda kwa amayi ake.