Bambo Amene Analira pa Kanema

Inu amene mukuona ngati anthu anakuweruzani kale, imvani za aneba anga, a Lamar Pettway.

"Adadi, muzindisiya pakona. Musamafike pageti."

Anatero Nyla, mwana wawo yekhayo, akumuperekeza kusukulu m'mawa wina. A Pettway anaimitsa galimoto. Mwanayo anatsika osacheuka, koma anyamata a pageti anali atamuona kale.

"Mwana wa a Ndifuna-kwathu uja wafika. Iwe, adadi ako alira kangati lero?"

Dzinali linachokera kunkhondo. A Pettway anali msilikali wophika, ndipo anagwidwa ndi adani pamodzi ndi mnzawo, a Garrett Holm. Adaniwo anawajambula onse awiri. A Holm anangoyang'ana kamera osatsegula pakamwa. A Pettway analira ngati mwana n'kunena kuti, "Ndifuna kwathu." Dziko lonse linaonera pa kanema.

Atamasulidwa, a kanema anasankha ngwazi yawo. A Holm anawazungulitsa m'tauni pagalimoto yopanda denga, mitengo yonse itamangidwa timaliboni tachikasu. Komatu a Holm si munthu wabodza. Ananena kangapo konse kuti anakhala chete chifukwa nsagwada inali itathyoka, ndipo akanafa ndi njala pakanapanda a Pettway, amene ankawatafunira buledi n'kumawaika m'kamwa. Mawu amenewo atolankhani ankawadula. Buledi wotafunatafuna sakoma pa kanema.

Mtolankhani mmodzi anafikako kwa a Pettway.

"Munayesapo kuthawa, bambo?"

"Ayi, mayi. Ndinkangodikira."

"Chabwino. Nanga mungatinenerenso mawu aja, mukuyang'ana kuno?"

"Ine kwathu ndafika kale. Bwanji nanunso mupite kwanu?"

Zimenezo sanazionetse.

Koma kunena zoona, a Pettway anali asanafike. Kachipinda kopanda zenera kamene adani aja anawatsekeramo kanawasiyira nthenda: chitseko chikangotsekedwa, mpweya unkawathera. Anazula zitseko zonse za m'kati mwa nyumba, moti akazi awo, a Odessa, anachita kupachika nsalu kubafa. Galimoto ankayendetsa magalasi ali otsitsa ngakhale kuzizire bwanji. Ntchito yophika inawakanika, n'kuyamba kumata matayala panja.

Ine ndimakhala moyang'anizana nawo. Mwamuna wanga nayenso ndi msilikali ndipo ali kutali, choncho galimoto ikangoima panja ndimathamangira pazenera, khanda lili m'manja. Ndi mmene ndinaonera zimene kamera sinaone.

Pambali pa nyumba yawo pali kashedi kosungiramo makina otchetchera kapinga. Dokotala wa asilikali akale anawalangiza kuti aziyesera pang'onopang'ono, ndiye akaweruka ankalowa mmenemo n'kudzitsekera. Masiku oyamba ankatuluka nthawi yomweyo, chokwawa, n'kusanza pakapinga. Ndinkabisala kuseri kwa katani kuti asadziwe kuti ndawaona. Mawa lake ankalowanso.

Tsiku lina ndinamva a Odessa akuwadandaulira.

"Lamar, mudzafera m'shedimo inu. Bwanji osangosiya?"

"Mwana wanga akuchita nane manyazi, Odessa. Kufa kwina n'kuti?"

Nyengo yotentha inadutsa, yozizira nayo inadutsa. M'shedimo ankakhalitsako tsopano, koma Nyla sanasinthe. Akamayenda ndi anzake n'kuona bambo ake pamalo omatira matayala, ankawolokera tsidya lina la msewu.

Loweruka lina masana, a Odessa ali kuntchito, Nyla anagwa m'khitchini atagwira pamimba. Bambo ake anathamangira naye kuchipatala. Madokotala anati pakufunika opaleshoni mwamsanga, ndipo chipinda cha opaleshoniyo chinali pansanjika ya pamwamba penipeni. Namwino anakankha bedi la matayala mpaka pachikepe chokwezera anthu kupita pamwamba. Chitseko chachitsulo chinatseguka. M'katimo munalibe zenera.

A Pettway anaima.

"Bambo, mukwera kapena mudzera masitepe? Nthawi tilibe," anatero namwino.

"Dzerani masitepe, adadi," anatero Nyla, mano ali gwa ndi ululu. "Ndikhoza ndekha."

Pakamwa pankatero, koma dzanja lake linali litagwira malaya a bambo ake osasiya.

Analowa.

Chitseko chinatsekeka. A Pettway anagwada pambali pa bedi, misozi ili chuchuchu. Namwino anayang'ana kumbali.

"Pepa mwanawe, ndayambanso."

"Lirani, adadi. Nanenso ndikuopa. Bola musandisiye."

Sanamusiye. Anafika naye pamwamba ali chigwadire, dzanja lake lili m'manja mwawo.

Nyla anachira, ndipo ndi iye amene anandiuza zonsezi tsiku lina akundigwirira mwana. Anati iye atagona pabedi lija ndi pamene anadziwa kuti munthu akhoza kuopa mpaka kulira, koma n'kukhalabe pomwepo chifukwa cha wina.

Musaganize kuti tauni inasintha. Palibe mtolankhani anabweranso. Chithunzi cha a Holm chidakali pakhoma la malo odyera, ndipo anyamata ena amaitanabe dzina lija. A Pettway nawo sanachire kwathunthu, masiku ena shediyo imawagonjetsabe. Koma wina akafunsa Nyla ngati adadi ake amalirabe, amayankha osagwetsa nkhope.

"Ee, amalira. Ndi adadi anga."

Ine sindikudziwa ngati mwamuna wanga adzabwere ali chete kapena akulira. Kale ndinkapemphera kuti akakhale wolimba mtima. Masiku ano ndimangopempha kuti abwere.

Inu amene munagwa anthu onse akuona, ndipo mukudzuka popanda woonera ndi mmodzi yemwe, musadikire kuti akuombereni m'manja. Mwina sadzaomba. Lero mukatuluka chokwawa, mawa mukalowenso. Osataya mtima.