Mutu wa Ng'ona Wopanda Thupi

Ndikukumbukira fungo la dongo lakupsa kuseri kwa nyumba yathu ku Makhuwira, zaka zoyambirira za matipate. Atsibweni anga a Thomu, mlongo wawo wa amayi, anali atabwerako kodula nzimbe akutsimphina, chikwanje chitawadya chidendene. Ntchito inathera pomwepo. Ndiye ankakhala pansi pa mtengo wa masawu, mwendo uli tambalale, n'kumaumba tianthu totalika ngati chala chapakati.

Ana onse ankaumba ng'ombe, koma za atsibweni zinali zina. Ankaumba mutu pawokha, mikono payokha, thupi palokha, mabowo onse n'kuboola ndi sipoko imodzi ya njinga. Akawotcha ndi zitsononkho, ankalumikiza ndi minga ya mthethe. Ndiye mutu uliwonse unkalowa pathupi lililonse. Wodula nzimbe ankatha kudzuka ali ndi mutu wa mvuu, goloboyi n'kugwira nkhafi. Akuluakulu odutsa ankaseka n'kumati amenewo ndi aphungu, lero mutu uwu, mawa wina.

Ine ndinapenga nato. Anzanga aakazi ali pa fulaye, ine ndili pafumbi kusintha mitu. Ndinkasunga tonse m'chitini cha mafuta ophikira, nditayala thonje pansi kuti tisaswane. Amene ndinkamukonda koposa anali wa mutu wa ng'ona. Mano ake atsibweni anachita kusema ndi singano, ndipo ukamuyendetsa patsaya ankakanda.

Panali mnyamata wina woyandikana nafe, Zuze, wovuta kupempha ngati ntchentche ya pachilonda. Tsiku lina ndinatopa naye, ndinamubwereka thupi la goloboyi, koma mutu ndinakaniza. Ndinati akabweza thupi ali bwinobwino, ndidzamubwereka wathunthu.

Sabata yomweyo Zuze anadwala. Thupi moto, khosi gwa, osatha ngakhale kuyang'ana kumbali. Bambo ake anamukweza panjinga kupita naye kuchipatala. Amayi ake, pochapa kabudula wa mwanayo, anapeza m'thumba kamunthu kopanda mutu, munga uli chilili pakhosi.

Masana dzuwa likuswa mtengo, pabwalo pathu panadzaza. Amake Zuze ankalalata m'Chisena, ndipo Chisena chikapsa mtima sichifuna womasulira. Kamunthu kaja anakakulunga m'tsamba la nthochi, kuopa kukagwira ndi manja. Ankati munthu wopunduka uja wamanga khosi la mwana wawo chifukwa cha nsanje, poti iye alibe wake.

Ndinakuwa kuti ndine ndinam'bwereka, koma mawu a mwana wamkazi pakati pa akulu ndi mphepo chabe. Atsibweni anadzuka ndi ndodo yawo, natola mutu wa goloboyi m'chitini mwanga.

"Taonani, amayi, ndi choseweretsa ichi," anatero mofatsa.

Anaika mutu uja pamunga, n'kuuzula, n'kuuikanso. Kalanga ine, ndiye anaonjeza! Amayi ena anagwira makosi awo, wina n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Zimene atsibweni ankati zisonyeze kuti alibe mlandu, anthu anaziona ngati umboni.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo. Ufiti sankaukhulupirira, ndipo tianthu timeneti ankatidziwa bwino, poti iwo omwe anaseka tsiku lomwe goloboyi anavala mutu wa mvuu. Koma anayang'ana khamu lija, nayang'ana mlamu wawo, n'kusankha dzina lawo. Anandiuza kuti ndikhuthulire chitini mumtondo.

"Sinja," anatero, akundipatsa musi.

Ndinasinja ndekha. Dongo lowotcha limalira ngati mtedza wouma, ndipo mpaka lero ndikamva wina akusinja, mano amandiyabwa. Ndinalira mamina mbwee, fumbi lofiira lili kumaso. Atsibweni anangokhala pansi n'kumayang'ana chidendene chawo chija. Mutu wa ng'ona wokha ndiwo unapulumuka, chifukwa ndinauponya m'kamwa anthu akukangana, ndipo unandicheka lilime.

Zuze anachira. Anamubaya majakisoni kuchipatala, anabwerako akudya masawu panjinga. Inu mukuganiza kuti alipo anabwera kudzapepesa? Ayi ndithu. Mudzi wonse unati mwaona, atangosinja zija mwana wadzuka. Akanamwalira akanati atsibweni apha, wachira akuti atsibweni agonja. Ng'oma yake inali yolira mbali zonse.

Kuyambira pamenepo ana ankalambalala mtengo wa masawu. Amayi akawapatsira chakudya atsibweni, mbale yawo ankaitsuka payokha, ati kuopa pakamwa pa anthu. Madzi a chaka chimenecho asanasefukire, atsibweni ananyamula kathumba kawo, kupita kwa achibale ena kwa Mlolo. Ndinamva kuti kumeneko ankasoka mphasa, dongo sanaligwirenso. Anamwalira ndili ku sekondale, ndipo bambo ndiwo analalikira pamaliro, za kukonda mnzako. Ndinatuluka ulaliki uli mkati. Bambo ndinawakhululukira pakamwa pokha, mumtima nkhaniyi ikadali yaiwisi.

Masiku ano tianthu totere tili mbwee pa kaunjika, tapulasitiki, tochotsa mitu ndi mikono. Chaka chatha nditapita kumudzi ndinapeza mdzukulu wa amake Zuze akuzula mutu wa kena pakhonde, agogo akewo akuombera m'manja kuti mwanayu ndi wanzeru. Zikachokera kunja ndi nzeru, akaumba mwana wa pamudzi ndi ufiti. Ndinawapatsa moni, koma mpando ndinakana.

Mwana wanga naye ali nato tambiri. Tsiku lina anapeza mutu wa ng'ona uja m'chikwama changa, nayesa kuulowetsa pa tonse, kamodzikamodzi. Anabwera akudandaula kuti sukulowa paliponse, thupi lake lili kuti?

Ndinamuuza kuti ndinalisinja.