Chiwindi cha Mathias

Ku Msoro anthu amamudziwa Everlyn Chulu ngati mayi wolima thonje amene anapita ku India ali wachikasu maso, mimba itatupa, n'kubwerako akuyenda yekha. Chiwindi chake chinali chitaferatu. Mlongo wake wamng'ono, Mathias, amene amayendetsa alendo oona nyama ku Mnkhanya, ndiye anadulidwa mbali ya chiwindi chake n'kumuika iye.

Madokotala anamuuza mosabisa kuti thupi lake lidzayesa kukana chiwindi chachilendocho mpaka imfa. N'chifukwa chake m'mawa ndi madzulo amameza mapiritsi ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Mapiritsiwo amasunga chiwindi, koma amatsegulira khomo matenda ena onse. Everlyn anasiya kugona kumaliro. Madzi amamwa owiritsa okha. Kutchalitchi amakhala pafupi ndi khomo, ndipo wina akatsokomola amatuluka. Ena amati wayamba kunyada.

Chaka chino, nthawi yothyola thonje, mwana wake Queen anabwera ndi khanda lotuluka katsabola thupi lonse. Everlyn anatambasula manja, kenaka anawabweza.

"Amama, ngakhale kumugwira chabe?"

"Ima pomwepo, mwanangu. Ndimuonera pano."

Queen anabwerera tsiku lomwelo, osatsanzika.

Sabata isanathe Everlyn anayamba kutentha thupi. Anatenga kagalasi n'kukhala pakhomo, akukoka zikope kuti aone ngati maso ayambanso chikasu. Mathias anafika pa njinga yamoto fumbi lili mbuu.

"Asisi, kwerani. Zagalasi muzisiye."

"Chiwindichi chikakanika, ndiye kuti unadulidwa pachabe."

"Kwerani, ndati."

Kuchipatala ku Chipata anapeza malungo. Chiwindi chinali bwino. Everlyn asanapume n'komwe, dokotala anapitiriza: impso zayamba kutopa, ndipo akuzitopetsa ndi mapiritsi omwewo. Atafunsana ndi anzake a ku Lusaka, anachepetsa mlingo wa mankhwala.

"Nanga thupi likayamba kukana chiwindi?" anafunsa Everlyn.

"Tiziyeza magazi pafupipafupi, amai. Musaphonye."

Pobwerera Everlyn ankangoganiza za mvula, mmene mtsinje wa Lupande umadzazira n'kutseka njira, ndi mmene adzafikire ku Chipata mu Januwale. Atafika anapeza thonje lina litagwa pansi, mbuzi zitalowa m'munda. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kutola.