Nthambi Pamsewu wa ku Lawrence

Chilimwe chimenecho ku Lawrence, mzinda wa kutsidya kwa nyanja kumene tinkakhala, kunkanunkha phula lotentha ndi kapinga wotchetcha kumene. Ndinali kamtsikana kosayankhulayankhula, ndipo padziko lonse ndinali ndi munthu mmodzi yekha: Agogo, amene ananditenga makolo anga atamwalira.

Tsiku lina masana tinamva kulira kwa mfuti. Terrence, mwana wa Mayi Delphine oyandikana nafe, anagwa pafupi ndi geti lathu. Ndinaona magazi akutsikira m'ngalande, akukokolola fumbi. Nsapato imodzi inali itavuka.

Tsiku la maliro Agogo anachita za kumudzi. Anathyola nthambi n'kuziyala mopingasa msewu kuti magalimoto adziwe kuti pagwa zovuta. Kuno panalibe wodziwa zimenezo. Galimoto ina inazipondaponda ikuliza hutala, ndipo Agogo anaima kutsogolo kwake n'kumenya boneti ndi chikhatho.

"Pano pali maliro, bambo! Simukuona?"

Dalaivala anatuluka akutukwana. Anawakankha pachifuwa, iwo n'kugwa chagada, mutu pasimenti. Duku lawo linafiira. Munthuyo anapisa dzanja m'chiuno, pansi pa malaya, ngati akufuna kutulutsa mfuti. Ine ndinangouma pakhonde, ndikudziwa kuti ndikutsala ndekha.

Kenako lipenga linalira. Abale a Mayi Delphine anali atabwera kuchokera ku New Orleans, mzinda wa m'mphepete mwa mtsinje kumene makolo awo akale ankagulitsidwa ngati katundu. Kumeneko maliro amaperekezedwa ndi malipenga ndi ng'oma pakati pa msewu. Anatuluka m'nyumba, azibambo a masuti akuda, mapazi akukwekwesa pansi, nyimbo yake yolemera, n'kuzungulira galimotoyo. Palibe anamukhudza munthuyo. Malipenga ankangomulirira kumaso mpaka anatulutsa dzanja lopanda kanthu, n'kubweza galimoto cham'mbuyo.

Mayi Delphine anawadzutsa Agogo. "Mama, lero msewu ndi wathu," anatero m'Chingerezi. Agogo anakana zopita kuchipatala. Anayenda kumbuyo kwa bokosi, magazi akuuma m'khosi, atandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti alendowo anatuluka kudzapulumutsa Agogo, ndipo ndinkawaona ngati asilikali. Pano ndikudziwa kuti inangokwana nthawi yonyamula maliro. Anthu amene kwa mibadwo ankauzidwa kupatuka panjira anaphunzira kusapatukira aliyense akamaperekeza wawo, ndipo tsiku limenelo ife tinangopezeka tili pakati pawo.