Kope la Anthu Omira a kwa Mlolo

Bauleni Geresomo anali telala wa pakhonde la sitolo ku Makhanga, wosoka zigamba zambiri kuposa zovala zatsopano. Sukulu anailekezera panjira, koma pensulo sinkachoka kukhutu kwake, moti anzake ankamuseka kuti ndi kalaliki wopanda ofesi.

Chaka chimene madzi anakokolola midzi ya kwa Mlolo, anthu khumi ndi anayi sanapezeke. Achibale anakwirira mathunthu a nthochi m'malo mwa mitembo kuti maliro alirike. Zimenezi zinamudya mumtima Bauleni. Anagula kope n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kulemba dzina la womira aliyense, zimene ankakonda, ndi mawu ake omaliza. Ntchitoyo inamutengera zaka ziwiri. Mayi Filomena okha, amene madziwo anawalanda mwana wawo Rosa, anamubweza katatu asanatsegule pakamwa.

Tsiku lina anamva pa wailesi kuti ku Blantyre kuli msonkhano wa alembi, ndipo olemba adzawerenga zawo pagulu. Anasita jekete yake imodzi yomweyo, nakwera sitima mtima uli m'mwamba.

Pakhomo la holo panali bambo wa tayi, baji ya chipani ili pachifuwa. Masiku amenewo chowerengedwa pagulu chinkayamba chaonedwa ndi akuluakulu. Alembi ozolowera ankapereka mapepala otayipa, ena ofanana nawo atawasunga m'zikwama. Bauleni, mwana wa eni, nzeru imeneyo akanaidziwira kuti? Kwawo chinthu cholemekezeka umachipereka chonse, ndi manja awiri. Anawerama pang'ono n'kupereka kope lokhalo limene anali nalo.

Masiku awiri anakhala pampando wakumbuyo, kumvetsera. Wina anawerenga za chimanga chobiriwira, wina za misewu yatsopano, manja n'kumawombedwa mpaka kuwawa. Ena ankawerenga mokoma ndithu, moti Bauleni anachita nawo kaduka. Akamaitana dzina, iye ankayamba kudzuka, kenako n'kukhalanso pansi mwamanyazi. Lake silinamveke.

Msonkhano utatha anapita kwa bambo uja.

"Pepani bwana, kope langa lija."

"La anthu omira lija?" anafunsa bamboyo, osakweza n'komwe maso. "Achimwene, dziko lino lili pa mtendere, anthu akukhuta. Inu mukufuna kuuza alendo kuti tikumira? Lapita kwa akuluakulu. Ngati mukulifuna, galimoto ili panjapo, tiyeni mukalitenge nokha."

Bauleni ankadziwa kuti okwera galimoto zoterozo sabwerako msanga. Anathokoza, inde anathokoza, natuluka kulunjika ku siteshoni. M'sitima anayesa kukumbukira zimene analemba, koma mawu a anthu khumi ndi anayi anangosakanikirana m'mutu. Kukayambiranso kufunsa m'makomo sakanayerekeza, poti tsopano ankaopa ngakhale pensulo yake.

Atafika ku Makhanga, sanathe n'komwe kutulutsa makina osokera pakhonde pamene mayi Filomena anatulukira, khasu lili paphewa.

"A Bauleni, mwabwerako? Rosa wanga mwamutchula?"

"Ndamutchula, mayi," ananama Bauleni, maso ali pa ulusi.

"Nanga anthu anati bwanji?"

"Anawomba m'manja."

"Takhuta, baba," anathokoza mayiwo m'Chisena, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ine mawu ake ayamba kundithawa, ukalambawu. Mawa ndibwera ndi mpando, mudzandiwerengere pamene pali iyepo."